Kukola Mwendo: Luso Limene Judo Inaletsa Koma Latenga Malo Padziko

NYIMBO YOTSEGULIRA

Nthawi ya zamasewera yakwana. Lero mpira uyambe wapuma. Nkhani ili pa masewera ogwetsana, makamaka kagwiridwe kamodzi ka mwendo kamene kazunguza mitu ya akatswiri m'zaka khumi zapitazi.

Mu Seputembala 2019, mumzinda wa Anaheim ku California, munachitika mpikisano wa ADCC, umene ndi waukulu kuposa yonse pa masewera ogwetsana mogonjetsana. Kumeneko kunali Lachlan Giles wa ku Australia, munthu wa thupi lapakatikati, wa m'gulu la makilogalamu 77. M'gulu lakelo sanapite patali, poti Lucas Lepri wa ku Brazil anamutulutsa pa ndime yoyamba yomwe. Mawa lake analowa m'gulu losayang'ana sikelo, momwe wochepa thupi amakumana ndi chimphona.

Woyamba kukumana naye anali Kaynan Duarte, amene anali atangovala kumene mendulo ya golide m'gulu la anthu oposa makilogalamu 99. Giles anakhala pansi, n'kulowa kunsi kwa chimphonacho, n'kukola mwendo wake umodzi ndi miyendo yake iwiri, kenako n'kupeza chidendene. Duarte anagonja. Patrick Gaudio zinamuchitikira zomwezo. Gordon Ryan ndiye anamuimitsa mu semifainolo, koma polimbirana malo achitatu, Mahamed Aly, chimphona china, anagonjanso ndi kagwiridwe komweko. Amuna atatu, aliyense womuposa ndi makilogalamu 20 kapena kupitirira apo, onse anagonjera pa mwendo. Giles anabwerera kwawo ku Melbourne ndi mendulo ya malo achitatu, ndipo makalabu a jiu-jitsu padziko lonse anayamba kubwereza kanema wa tsikulo kuti aone chimene chinachitika.

Masewerawa alibe zibakera, alibe mateche. Anthu awiri, atavala kabudula ndi malaya othina, amagwetsana pamphasa yofewa, ndipo cholinga cha aliyense ndi kukakamiza mnzake kuvomera kuti wagonja. Kuvomerako kumachitika pogogoda ndi chikhatho pathupi la mnzake kapena pamphasa, kapenanso kunena ndi pakamwa. Eni masewera amati tap. Wina akangogogoda, wogwirayo ayenera kutaya nthawi yomweyo.

Amene amaonera kanema wa Giles koyamba, maso awo amathamangira pa manja ogwira chidendene. Komatu ntchito yaikulu inali itachitika kale, ndipo inachitika ndi miyendo.

Mwendo wa munthu uli ndi mfundo zikuluzikulu zitatu: ya m'chiuno, bondo ndi kakolo. Mfundo ya m'chiuno imazungulira mbali zonse. Kakolo amagwedera uku ndi uku. Bondo lokha ndilo louma khosi: limapinda, limawongoka, koma kupotoka limalola pang'ono chabe. Tsono munthu akagwira phazi la mnzake n'kulipotoza, mnzakeyo amangogubuduka kutsatira phazilo, chiuno n'kulandira mphamvu yonse, bondo osamva kanthu. Wokonza njinga pa msika wa Chinyunyu kuno m'boma la Rufunsa amadziwa zimenezi bwino. Nati yolimba samasula ndi sipanala imodzi, chifukwa bawuti imangozungulira nayo limodzi. Amagwira bawuti ndi sipanala ina kuti isasunthe, apo ndi pomwe nati imamvera. Pa masewerawa, miyendo ya wogwira ndiyo sipanala yogwira bawutiyo: imapana ntchafu ndi chiuno cha mnzake kuti asagubuduke, manja n'kutsala ndi ntchito yochepa.

Kupana kumeneku ndiko kukola mwendo. M'makalabu amagwiritsa ntchito dzina la ku Japan loti ashi garami, ndipo kuli mitundu ingapo.

Mtundu woyamba, umene ophunzira amayambira, wogwira amakhala pansi moyang'anana ndi mnzake. Mwendo wa mnzakeyo uli pakati pa ntchafu zake, phazi lili m'khwapa. Phazi limodzi la wogwira limaponda pa chiuno cha mnzake chakunja, mwendo winawo uli mkati, maondo atapana. Apa ndi pomwe pamachokera kagwiridwe kowongola kakolo, kamene ngakhale oyamba kumene amaloledwa pa mipikisano yambiri ya akuluakulu.

Wachiwiri amautcha 50/50, chifukwa onse awiri amakhala atakolana mofanana. Mwendo wa uyu uli m'manja mwa uyo, wa uyo uli m'manja mwa uyu. Palibe amene ali pabwino kuposa mnzake, ndipo amapambana ndi amene wafulumira kubisa chidendene chake n'kupeza cha mnzake. Giles ankakonda pamenepa. Ryan Hall wa ku America, amene kalabu yake anaitcha Fifty/50, ndi katswiri wina wa miyendo. Pa 29 Disembala 2018, pa mpikisano wa UFC 232, anagubudukira kumapazi kwa BJ Penn, n'kumugonjetsa ndi chidendene m'chigawo choyamba. Penn, yemwe anakhalapo ngwazi m'magulu awiri a UFC, anali asanagogodepo pa nkhondo za MMA, zosakaniza nkhonya ndi kugwetsana, kufikira tsiku limenelo.

Wachitatu ndiye woopedwa kwambiri, ndipo uli ndi mayina ambiri: ena amati saddle, ena 411, ena inside sankaku. Apa miyendo yonse iwiri ya wogwira imalowa pakati pa miyendo ya mnzake, n'kumanga ntchafu imodzi pamwamba pa bondo, phazi lina litakowa kuseri kwa bondo la mwini wake kuti loko atseke. Mwendo wogwidwawo umapingasa pamimba pa wogwira. Ubwino wake kwa wogwira ndi woti mapazi ake abisika, mnzake alibe chogwira chobwezera. Akawonjezapo kugwira mwendo wachiwiri ndi manja, wogwidwayo sangaimirire, sangagubuduke, sangakankhe. Amangokhala pansi ndi manja awiri amene safika patali.

Pa mitundu yonseyi, nkhondo yeniyeni imachitikira pa bondo. Bondo likakhala mkati mwa ntchafu za wogwira, mwendo wagwidwa. Likangotuluka, ngakhale phazi litatsalira m'manja, ngozi yachepa chifukwa chiuno chamasuka. N'chifukwa chake akatswiri awiri amatha mphindi zingapo ali pansi, woonera n'kumaganiza kuti akupuma, pamene wina akukokera bondo mkati, wina akulisololera kunja, wina akusaka chidendene, wina akuchibisa poloza zala za phazi n'kuchikanikiza pa nthiti za mnzake.

NYIMBO YAIFUPI

Luso limeneli si latsopano. Jigoro Kano atayambitsa sukulu ya judo ya Kodokan ku Tokyo mu 1882, kugwira miyendo kunali kololedwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunali Mataemon Tanabe, mphunzitsi wa sukulu ina ya jujutsu yotchedwa Fusen-ryu, amene anatchuka posautsa akatswiri a Kodokan ndi masewera a pansi. Anthu atavulala maondo pa mipikisano, akuluakulu anakhala pansi, ndipo mu 1916 ashi garami inaletsedwa. Pambuyo pake malamulo anatsekeratu mfundo zina zonse, n'kusiya chigongono chokha. Mpaka lero ashi garami ili m'gulu la maluso anayi oletsedwa a judo. Imangopezeka mu Katame-no-kata, chionetsero cha maluso 15 a pansi, momwe ili yomalizira, ndipo imachitidwa modekha pakati pa anthu awiri ogwirizana.

Judo imene inafika m'Zambia inali yotereyi, yochotsedwa kale kukola mwendo. Amene anaifalitsa kwambiri anali Bambo Jude McKenna, wansembe wa chipani cha Capuchin wochokera ku Ireland, amene anafika m'dziko muno mu 1966 n'kukhalamo zaka zoposa 50. Ku Lusaka anaphunzitsa achinyamata ambiri, mpaka boma la Japan linawapatsa ulemu wa Order of the Rising Sun mu 2019. Zipatso zake zaoneka pa Olimpiki. Boas Munyonga anapita ku London mu 2012. Mathews Punza anapita ku Rio de Janeiro mu 2016, komwe anagonjetsa Golan Pollack wa ku Israel, munthu amene chaka cha 2015 anali wachitatu padziko lonse. Steven Mung'andu anapita ku Tokyo, Simon Zulu ku Paris mu 2024. Onsewa ndi akatswiri a kugwetsa, kupanikiza munthu pansi, kutsamwitsa ndi kugwira chigongono. Kupotoza bondo, malamulo a masewera awo salola n'komwe.

Ku Brazil nkhani inayenda mosiyana. Mitsuyo Maeda, wophunzira wa Kodokan, anafika kumeneko mu 1914, ndipo kuchokera kwa iye ndi anzake munabadwa jiu-jitsu ya ku Brazil, imene banja la Gracie linatchukitsa. Kugwira mapazi sikunaletsedwe kotheratu, koma kunkanyozedwa ngati luso la anthu a m'makomboni osadziwa masewera. Oswaldo Fadda, amene ankaphunzitsa ana a osauka kunja kwa mzinda wa Rio de Janeiro, anatengera ophunzira ake kukayesana ndi a sukulu ya Gracie m'zaka za m'ma 1950, ndipo ambiri anapambana pogwira mapazi. Ngakhale zinatero, mnyozo sunathe. Kwa zaka zambiri, wogwira phazi pa mpikisano ku Brazil ankakuwizidwa ndi oonera.

Kwina luso linapitirira. Sambo ya ku Soviet Union inalola kugwira miyendo. Ogwetsana a catch wrestling ochokera ku Lancashire ku England ankalidziwa bwino lusoli. Ku Japan, Masakazu Imanari anamanga mbiri yake yonse ya MMA pa miyendo ya anzake. Ndiyeno mu 1998, Sheikh Tahnoun bin Zayed Al Nahyan wa ku Abu Dhabi anayambitsa ADCC, mpikisano wosonkhanitsa ogwetsana a mitundu yonse, wolola kupotoza chidendene. Dean Lister wa ku America anapambana gulu losayang'ana sikelo mu 2003 ku São Paulo, n'kudzapambananso gulu la makilogalamu 99 mu 2011 ku Nottingham, komwe anagonjetsa Rodolfo Vieira ndi João Assis, onse ndi chidendene.

Lister yemweyo ndi amene anatsegula maso a munthu amene anadzasintha zinthu. John Danaher anakulira ku New Zealand, n'kupita ku New York kukaphunzira filosofi pa Columbia University. Kumeneko analowa kalabu ya Renzo Gracie, iye mwini ali ndi bondo lovulala kale. Danaher wakhala akufotokoza kuti Lister atacheza pa kalabupo anamufunsa chifukwa chimene munthu anganyalanyazire theka lathunthu la thupi la mdani wake. Funsolo linamukhala mumtima zaka zambiri.

Chimene Danaher anabweretsa si kagwiridwe katsopano ka chidendene, poti kanalipo kale. Anasintha dongosolo. Akale ankalumphira phazi mwamwayi, likapezeka lapezeka, likapulumuka basi. Iye anaphunzitsa kuti munthu ayambe walowetsa miyendo yake mkati, agwetse mnzake pansi, akole ntchafu, atseke bondo, agwire mwendo wachiwiri, ndipo chidendene chibwere pomalizira penipeni. Anaphunzitsanso kusamuka kuchoka pa kakoledwe kena kupita pa kena popanda kutaya bondo. Ophunzira ake Eddie Cummings, Garry Tonon ndi Gordon Ryan anayamba kukolola pa mipikisano ya Eddie Bravo Invitational, imene inayamba mu 2014, ndipo anthu a malamba akuda a zaka zambiri ankagonja kwa anyamatawa m'mphindi zochepa. Amene ankanyoza anayamba kuphunzira. Bungwe la jiu-jitsu la IBJJF, limene linakana kwa nthawi yaitali, linalola kupotoza chidendene kuyambira Januwale 2021, koma kwa akuluakulu okha a lamba wa bulawuni ndi wakuda, pa masewera osavala yunifomu yokhuthala.

NYIMBO YAIFUPI

Malire amenewo ali ndi chifukwa chake, ndipo chili mkati mwa bondo. Fupa la ntchafu ndi la msongolo zimalumikizidwa ndi mitsempha yolimba inayi. Iwiri ili m'mbali, madokotala amaitcha MCL ndi LCL. Iwiri yapingasana pakati, ACL ndi PCL. Pakati pa mafupawo palinso timapilo tiwiri ta chichereŵechereŵe totchedwa meniscus. Ntchafu ikapanidwa, chidendene n'kupotozedwa, msongolo umazungulira pamene ntchafu yaima, ndipo mphamvu yonse imathera pa mitsempha imeneyi.

Vuto lake ndi loti bondo silichenjeza mokwanira. Chigongono chikamawongoledwa mopitirira, ululu umakula pang'onopang'ono, munthu n'kupeza mpata wogogoda. Bondo likamapotozedwa, ambiri amangomva kuthina chabe, kenako phokoso loti phwa, mtsempha waduka. Wodikira ululu kuti agonje amakhala atachedwa. Chodabwitsa n'chakuti Lachlan Giles yemwe uja ndi katswiri wa mafizo, ndipo digiri yake ya PhD anaichita pofufuza ululu wa bondo. Munthu wodziwa kupotoza bondo kuposa ambiri ndi yemwenso ankathandiza odwala maondo.

Mu Januwale 2023, ku Bangkok, pa mpikisano wa ONE Championship, Mikey Musumeci wa ku America anakumana ndi Gantumur Bayanduuren wa ku Mongolia, ngwazi ya sambo. Musumeci anakola mwendo msanga, n'kuupotoza kwa nthawi yaitali. Gantumur anakana kugogoda mpaka belu lomaliza. Pambuyo pake zinamveka kuti ACL, MCL ndi meniscus zinang'ambika, kakolo n'kuthyoka. Mkangano unabuka woti woyimbira masewero kapena aphunzitsi ake akanayenera kuimitsa, ndipo Musumeci mwiniwake ananena poyera kuti zinamunyansa.

Kumeneko kunali kuuma mtima kwa wogwidwa. Kulinso kuuma mtima kwa wogwira. Rousimar Palhares wa ku Brazil anaimitsidwa masiku 90 mu 2010 chifukwa chochedwa kutaya mwendo wa Tomasz Drwal. Mu Okutobala 2013 anagonjetsa Mike Pierce m'masekondi 31, koma anapitiriza kupotoza mnzakeyo atagogoda kale, woyimbira atalowererapo. UFC inamuchotsa ntchito mawa lake, ngakhale anali atapambana.

Okonda mpira m'Zambia amaudziwa mtsempha wa ACL. Mu Julaye 2023, kutatsala masiku ochepa kuti timu ya amayi ya Copper Queens isewere koyamba mu mpikisano wa dziko lonse ku New Zealand, goloboyi wawo wodalirika Hazel Nali anaduka mtsempha umenewu, ndipo mpikisano wonse unamudutsa. Iye sanavulale pogwetsana, koma mtsempha wake ndi womwewo umene kupotoza chidendene kumadula. ACL ikaduka kotheratu nthawi zambiri silumikizana yokha. Wofuna kubwerera m'bwalo amafunika opaleshoni yoikapo mtsempha wina, kenako mafizo a miyezi 9 mpaka 12.

Apa ndi pomwe nkhani ya ku Anaheim ndi ku Bangkok ikukhudza Rufunsa. Boma lino linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, ndipo msewu waukulu wa Great East umalidula pakati. Mumsewumo mukudutsa katundu, ndipo pamodzi ndi netiweki ya foni mwafikanso makanema. Pa Facebook, pa TikTok ndi pa YouTube, kanema wa masekondi 30 amaonetsa munthu akugubuduka, kugwira phazi, mnzake n'kugogoda, khamu n'kukuwa. Kanemayo saonetsa zaka zimene anthu awiriwo aphunzira, saonetsa mphasa, woyimbira ndi dokotala amene wakhala pambali. Mnyamata woonera amaona ngati ndi zophweka, ndipo pa luso lonse la jiu-jitsu, kupotoza chidendene n'kumene kumatheka ngakhale kwa wosaphunzira, chifukwa sikulira mphamvu zambiri. Wogwidwa wosaphunzira naye amachita choipitsitsa: amadzigubuduza mwamphamvu kuti athawe, ndipo akagubudukira mbali yolakwika amadula bondo lake yekha.

Mwendo ku Rufunsa ndi chuma. Ndi umene umapalasa njinga ya makala kukwera zitunda, umatsata ng'ombe pa pulawo, umatsika m'maenje a golide, umayenda mtunda wopita kusukulu. Munthu woduka ACL amatha kuyenda pamalo osalala kutupa kukatha, koma bondo limamuthawa akatembenuka mwadzidzidzi kapena akamatsika phiri ndi katundu pamutu. Likamathawathawa choncho, meniscus imang'ambika, ndipo nyamakazi ya bondo imabwera munthu akadali wamng'ono.

Chithandizo chake sichili pafupi. Ku zipatala za m'boma lino, monga cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya, munthu wovulala angapimidwe, kumangidwa bondo ndi kulemberedwa kalata yopita patsogolo. Koma X-ray imaonetsa mafupa, sionetsa mitsempha. Kuti mtsempha uoneke bwino pamafunika makina a MRI, ndipo amenewo, pamodzi ndi madokotala a opaleshoni ya mafupa, ali m'zipatala zikuluzikulu za ku Lusaka. Kuchokera ku Mpanshya ndi ulendo wa makilomita oposa 150, ndipo si ulendo umodzi: pali wokapimitsa, wa opaleshoni, ndi maulendo a mafizo. Banja lodalira matumba a chimanga a chaka chimodzi lingagulitse mbuzi zonse chifukwa cha masewera a masekondi asanu pa mchenga wa kudambo.

Zizindikiro zake n'zodziwika: phokoso m'bondo pa nthawi yovulala, kutupa kobwera m'maola ochepa, ndi bondo lokana kusenza thupi. Wotere asiye masewera pomwepo, agone mwendo uli pamwamba, aikepo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, amange bandeji mosathinitsa, ndipo apite kuchipatala. Anzake asamukoke mwendo poganiza kuti fupa laguluka. Kutema mphini ndi kuthowa ndi madzi otentha sikulumikiza mtsempha woduka.

Makalabu odziwa ntchito yawo apeza njira yophunzitsira luso limeneli popanda kupundula ana a eni. Woyamba kumene amaphunzira kukola kokha, manja osakhudza chidendene. Awiri amapikisana, wina kusunga bondo mkati, wina kulitulutsa, ndipo zikatheka amayambiranso. Akakhwima, amaloledwa kugwira chidendene n'kuchitaya osapotoza, wogwidwa n'kuvomera kuti pamenepo wagonja. Amaphunzira kugogoda chidendene chikangogwidwa bondo lili mkati, osadikira kumva kanthu. Malamulo a IBJJF amatsata nzeru yomweyo: ana osapitirira zaka 15 saloledwa loko aliyense wa mwendo, wamkulu wa lamba woyera amaloledwa kuwongola kakolo kokha, ndipo maloko ena a bondo ndi phazi amadikira lamba wa bulawuni, amene ambiri amamupeza patatha zaka zambiri akuphunzira.

Ubwino wa kukola mwendo kwa wophunzira bwino ndi waukulu. Kumapatsa wochepa thupi njira yolimbanirana ndi wamkulu, chifukwa miyendo iwiri ndi chiuno cha munthu wamng'ono zimaposa mwendo umodzi wa chimphona. Ndiponso munthu wapansi amatha kugwiritsa ntchito kakoledwe komweko kugwetsa woimirira n'kukwera pamwamba, popanda kupotoza kalikonse. Pa mipikisano yambiri ya masiku ano, ashi garami imathera pa kugwetsa kotereku kusiyana ndi kugonjetsa.

Wachinyamata wa ku Rufunsa amene mtima wake uli pa masewerawa ali ndi poyambira. Ku Lusaka kuli Olympic Youth Development Centre, imene inatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa msewu wa Great North, ndipo judo ndi amodzi mwa masewera a kumeneko. Kuli bungwe loyendetsa judo m'dziko muno, komanso makalabu a jiu-jitsu ndi MMA monga Ulemu Fight Academy. Aphunzitsi a zamasewera m'sukulu za m'boma lino amene angafune kuyambitsa kagulu angachite bwino kuyamba ndi judo, chifukwa phunziro lake loyamba ndi kugwa osavulala, ndipo malamulo ake amateteza bondo kuyambira tsiku loyamba. Zofunika ndi chipinda, mphasa zofewa zokwanira, ndi mphunzitsi wa satifiketi amene angamabwere kuchokera ku Lusaka kapena ku Chongwe.

Pa Olimpiki ya 2028 ku Los Angeles judo idzakhalapo, ndipo Zambia, imene yatumiza woimira pa masewera anayi otsatizana kuyambira 2012, idzafuna malo kumeneko. Jiu-jitsu ndi masewera ogwetsana mogonjetsana sali pa ndandanda ya Olimpiki, choncho akatswiri a miyendo apitiriza kukumana ku ADCC, imene imachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo omwe akufuna kukafikako amadutsa m'mipikisano yosankhira ya m'zigawo za dziko.

Zamasewera za lero zathera pamenepa.

NYIMBO YOTSEKERA